Kodi kapuku analowa bwanji m'nkhani za khansa?

Ife olima maluwa a eni ake kuno ku Faerie Glen, ku Pretoria, tikaona udzu wa m'mbali mwa Moreleta Spruit, malovu amadzadza: kwathu ku Dedza tikanatentha n'kukumba mbewa. Ndiye tandiuzani, kapuku yemweyu, ndiwo ya pa kamtengo, anapezeka bwanji m'mabuku a madokotala?

Akuti m'chaka cha 1957, dokotala wina ku Johannesburg, A.G. Oettlé, anaona kuti akapuku oweta m'labotale, amene ophunzira amawatcha Mastomys, akakalamba amatuluka zotupa m'chifu popanda wowachita kanthu. Patapita zaka zinadziwika kuti ndi zotupa za maselo otulutsa mahomoni, zofanana ndi zimene zimagwira anthu owerengeka m'chifu, m'matumbo ndi m'kapamba, monga chija chinapha Steve Jobs mu 2011. Odya mbewa musataye ndiwo, khansa yotere siyopatsirana.

Koma bwanji osangoyeza anthu odwalawo? Ati ndi ochepa, ndipo mankhwala atsopano sayambira pa munthu. Chabwino. Ndiye amatenga maselo a chotupa n'kumawaweta m'timbale. Otchuka ndi BON-1, ochokera kwa wodwala wina ku Texas, ndi QGP-1 a ku Japan a mu 1980. Anthu awiri okha, koma malabotale ambirimbiri akudalira iwowo.

Apa ndi pamene mutu wanga waima. Zotupa zambiri za mtunduwu zimakula mwakachetechete, munthu n'kukhala nacho zaka, mwina akungodandaula za kutsegula m'mimba. Maselo ake ukawaika m'mbale amachita ulesi, ambiri amafa. Amene amapulumuka n'kuswana ndi aliwiro, aukali. Nanga wofufuza akapha aliwirowo ndi mankhwala, wachiza matenda a ndani? Kodi ungadziwe khalidwe la mlombwa poyang'ana bonongwe, poti ndiye wamera msanga?

Ena anayesa njira zina. Douglas Hanahan mu 1985 anasintha majini a mbewa kuti zizituluka zotupa m'kapamba. Mu 2009 ku Utrecht, Hans Clevers ndi Toshiro Sato anameretsa timatumbo ting'onoting'ono m'mbale, ndipo lero ena akumeretsa tizotupa ta odwala mwanjira yomweyo. Koma kachotupa ka m'mbale kalibe mitsempha ya magazi. Kakudziwa bwanji za thupi?

Chikhalirecho odwala sakudikira mayankho anga. Ku Steve Biko Academic Hospital kuno ku Pretoria, gulu la Pulofesa Mike Sathekge limapereka mankhwala a lutetium-177, amene amakamatira pa maselo a chotupa n'kuwawotcha ndi cheza. Lutetium amapangidwanso konkuno, ku Pelindaba, kumadzulo kwa Pretoria. Nanga mayi wa kwathu ku Mayani amene wakhala akutsegula m'mimba zaka zitatu, akungopatsidwa thanzi ORS, angamuganizire ndani kuti mwina n'chotupa chotere?