Nimu wa Pamalire

(Tambala akulira. Chikwanje chikumveka mumtengo.)

WOFOTOKOZA: Kwacha ku Ndirande. Pamalire a nyumba ya a Phiri ndi ya Nabanda pali mtengo wa nimu umene aliyense amati ngwake. A Phiri amaphika masamba ake n'kumagulitsa m'mabotolo. Nabanda amakolopa pachipatala, koma akayamba kuyankhula mungayese ndi dokotala wamkulu.

NABANDA: A Phiri, tsikani mumtengomo! Mthunzi wanga mwaumeta mpala.

A PHIRI: Ndikukolola mankhwala, amake Tadala. Boma likadzatsegula maso, tidzagwirira limodzi kuchipatala kwanuko, ine ofesi yanga moyandikana ndi ya dokotala.

NABANDA: Ofesi? Inu amene mumati botolo limodzi likuchiza malungo, shuga, BP ndi mwamuna wothawa banja?

A PHIRI: Musanyoze zitsamba! LA amene akuchiza malungo m'Malawi muno kuyambira 2007 gwero lake n'chitsamba cha ku China, Artemisia. Mayi Tu Youyou analandira nacho mphoto ya Nobel mu 2015. Kwinini naye anachokera ku khungwa la mtengo wa ku South America.

NABANDA: Mayiwo anatha zaka akuyesa mulabotale, ndipo LA ali ndi mlingo wake. Inu mlingo wanu ndi kapu ya tiyi, ikasweka mumatunga ndi chitini.

A PHIRI: Nanga ku Ghana? Azitsamba ali m'zipatala za boma!

NABANDA: Eya, koma anatenga digiri ya zitsamba ku yunivesite ya Kwame Nkrumah ku Kumasi, ndipo ku Mampong kuli malo ofufuzirako mankhwala a mitengo. Inu munaphunzira kuti?

A PHIRI: Kutulo. Malemu agogo anandilotetsa.

NABANDA: A Chisupe a ku Machinga nawonso analota. Mu 1995 anthu anakhamukira kwawo pamabasi ndi pamalole kukamwa mchape umene ankati umachiza Edzi. Edzi inatha? Akusunga anthu ndi ma ARV amene boma linayamba kugawa ulere mu 2004. Bwerani kuwodi ya amayi mudzaone za mwanamphepo: mayi wamwa kuti achire msanga, chiberekero n'kung'ambika.

A PHIRI: Chabwino, adokotala a chikolopa. Nanga amene amathyola nimuyu usiku, chitenje chili kumutu, ndani?

NABANDA: (akutsokomola) Chinali chimfine chabe. Ndinkafuna kufukiza.

A PHIRI: Osalipira!

NABANDA: Mtengo ngwanga! Nanga inu, amene anali pamzere wa BP Lachiwiri, chipewa chitaphimba mphuno, buku la kuchipatala lili m'malaya, ndani? Botolo lanu lija linali patchuthi?

A PHIRI: Tsitsani mawu, amake Tadala, makasitomala angamve!

WOFOTOKOZA: Awiriwa sanagwirizane, koma aliyense wagwira mbali ya choona. Bungwe la WHO limalimbikitsa mayiko kulowetsa mankhwala amakolo m'zipatala, malinga ayesedwe kaye kuti amachizadi ndiponso savulaza. Pa 31 August chaka chilichonse Africa imakumbukira mankhwalawa. Kuno kwathu ntchito yoyang'anira mankhwala ili m'manja mwa bungwe la PMRA.

Inu omvera, ngati mukumwa zitsamba pamodzi ndi mankhwala akuchipatala, musabise. Auzeni adokotala, chifukwa zitsamba zina zimafooketsa mphamvu ya ma ARV ndi mankhwala ena.