Njinga Yagwidwa Malungo

Pakhonde la agogo, kufupi ndi boma la Ntcheu. Mdzukulu wangoimika chinjinga chamoto chokhala ndi mabokosi atatu, ndipo pamwamba pa bokosi lakumbuyo pali thumba lomangidwa ndi malegeni.

AGOGO: Vula kaye chimphika chili kumutucho ndione ngati ndiwe wolanda mkazi wanga uja. Nanga miyendo ikunjenjemeranji?

MDZUKULU: Ndine ndemwe, agogo. Ndapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Nditangodutsa pa Lizulu, liwiro litafika 110, mahandulo anayamba kumenya uku ndi uku, kufuna kunditaya.

AGOGO: 110 ya chiyani?

MDZUKULU: Makilomita pa ola.

AGOGO: Waba chiyani ku Lilongwe?

MDZUKULU: Sindinabe kanthu. Njinga zotere anazipangira maulendo ataliatali. Ku Ulaya munthu amadzuka nayo ku Germany n'kukagona ku Italy. Mankhwala ake ndawapeza kale pafoni. Pali kachitsulo kotchedwa steering damper, kali ndi mafuta m'kati, kamagwira mahandulo kuti asamathamange. Ndikaitanitsa ku Johannesburg.

AGOGO: Ndiye kusukulu kwanuko, mwana akamanjenjemera ndi malungo mumammanga ndi chingwe kuti asiye?

MDZUKULU: Si choncho, agogo.

AGOGO: Tandiuza. Inkapukusa mutu wokha ngati munthu wokana ngongole, kapena inkatyola chiuno ngati wovina chimtali?

MDZUKULU: Funso limenelo lili m'mabuku! Akatswiri amazisiyanitsa. Ya mutu wokha amati wobble, imamenya ka 6 mpaka ka 10 pa sekondi imodzi. Ya thupi lonse amati weave, imapita ka 2 kapena ka 3, ndipo imakonda liwiro lalikulu. Yanga inayamba ndi chiuno, mutu unatsatira.

AGOGO: Unali kuwerenga kwinaku ukufa?

MDZUKULU: Ndinali kuitana makolo.

AGOGO: Ine usamanditchule, ndikadali moyo. Njinga yanga ya Humber ndatsika nayo Khwekhwelere kosawerengeka, chimanga chili pakaliyala, ndipo matenda amenewa ndimawadziwa. Timayambira kumpweya. Tadikira ndidinikize tayalali. Ayi, ili lakhuta.

MDZUKULU: Chala sichingakuuzeni zoona apa. Tayala la njinga yamoto ndi lolimba m'mbali, ngakhale litaphwa theka limaoneka lokhuta. Ndili ndi geji. Kapepala kapanjingapa kakuti kutsogolo kukhale 2.5 bar tayala litazizira. Apa pakuonetsa... 1.8.

AGOGO: Ndiye kuti chiyani?

MDZUKULU: Ndiye kuti zinthu zaipa. Tayalali likadali lotentha, ndipo lotentha limaonetsa mpweya wambiri. Likazizira nambalayi itsikanso.

AGOGO: Chala changa chagonja, ndavomera. Koma geji yabwino choncho inali kuti m'mawa?

MDZUKULU: M'thumba.

AGOGO: Imapima mpweya wa m'thumba. Bwera kuno, sisita tayalali ndi chikhatho, kuchokera kutsogolo kubwerera kumbuyo. Ukumva chiyani?

MDZUKULU: Timabampu. Pena pakwera, pena patsika.

AGOGO: Mizere ya m'munda imeneyo. Tayala loyenda ndi njala limadyeka chotero, ndipo likadyeka, ngakhale ulipope silidzasalalanso.

MDZUKULU: Ndionenso zaka zake. Apa alemba 2317. Analipanga sabata ya 23 m'chaka cha 2017.

AGOGO: Mpaka tayala kukhala ndi tsiku lobadwa, pamene ine langa analemba longoganizira! Likanakhala mwana bwenzi likupita kusukulu. Tsopano khosi. Imika njingayi pamiyendo yake iwiri yapakati, tayala lakutsogolo lilendewere.

MDZUKULU: Pafunika munthu wodinikiza kumbuyo. Mukhalapo inu?

AGOGO: Ndikhalepo ndani? Taona, yadzutsa yokha mutu ngati tambala wofuna kulira. Zimenezi tikambirana, ndazisunga. Tembenuza mahandulo pang'onopang'ono, kumanzere mpaka kumapeto, kumanja mpaka kumapeto. Akafika pakati sakukodwa?

MDZUKULU: Akudutsa bwinobwino.

AGOGO: Ndiye mabering'i sanakumbe dzenje. Tsopano gwada kutsogoloko, gwira miyendo ya foloko kumunsi, koka, kankha.

MDZUKULU: Ikuti kho, kho. Pang'ono chabe.

AGOGO: Khosi lakhwepa. Maenje a M1 si anzako. Kanditengere sipanala yaikulu ija kuseri kwa chitseko, ndimange mpaka ilire.

MDZUKULU: Ayi agogo, pepani! Mukamangitsa, mahandulo amauma, njinga imayamba kuyenda ngati woledzera ngakhale pa liwiro laling'ono, ndipo mabering'i amatha msanga. Buku limanena mphamvu yake yeniyeni, ndipo pali sipanala yopima. Zimenezo akachita amakanika.

AGOGO: Hmm. N'zoona, makoni a Humber ndinawamangitsapo tsiku lina, ndinakathera m'munda wa fodya wa eni ake. Koma usakauze agogo ako akazi, iwo amadziwa kuti inali mbuzi. Patse khala ilo. Zunguza tayala, ine ndigwira khalali pafupi ndi limu. Likalemba mbali imodzi yokha, limu yapindika.

MDZUKULU: Lalemba kuzungulira konse.

AGOGO: Yowongoka. Gwedeza tayala cham'mbali. Zii? Mabering'i a pahabu ali bwino. Pafoloko palibe mafuta ochucha. Ndalama zako za ku Johannesburg zayamba kubwerera. Pamene inayamba kuvina, iwe unatani?

MDZUKULU: Ndinagwira mahandulo ndi mphamvu zanga zonse.

AGOGO: Ng'ombe yolusa ukaikoka chingwe imatani?

MDZUKULU: Ndikudziwa, agogo. Amati ufewetse manja, upane thanki ndi mawondo, uweramire kutsogolo, uchepetse moto pang'onopang'ono, buleki yakutsogolo usaimenye. Ndinazikumbukira nditaima kale.

AGOGO: Maphunziro ako amafika mochedwa ngati feteleza wa makuponi. Tibwerere kwa tambala uja. Wati yayamba utadutsa pati?

MDZUKULU: Pa Lizulu.

AGOGO: Kuchoka ku Lilongwe, kudutsa Dedza, inali phee?

MDZUKULU: Phee.

AGOGO: Tayala lomweli, khosi lomweli. Nanga pa Lizulu unaima?

MDZUKULU: Pang'ono. Ndagula kachewere.

AGOGO: Wochuluka bwanji?

MDZUKULU: Mwina makilogalamu 50.

AGOGO: Bokosi walisenzetsalo analemba kuti linyamule angati? Werenga, ndiwe wa digiri.

MDZUKULU: Makilogalamu 10.

AGOGO: Funsa mnyamata aliyense wa makala. Katundu akapitirira tayala lakumbuyo, lakutsogolo limapepuka, limangonyambita msewu. Tayala laphwa, khosi lakhwepa, kenako iwe n'kukweza munda wonse wa mbatata kumchira, pamwamba penipeni. Njingayi ndi yoleza mtima, ine ndikanakutaya pa Lizulu pomwepo.

MDZUKULU: Ndikanagawa m'mabokosi am'mbaliwa, zolemera zikhale pansi. Pali ndi kogudubuza kolimbitsira shoko yakumbuyo ukanyamula katundu. Sindinakakhudze.

AGOGO: M'mabokosimo muli chiyani?

MDZUKULU: Zovala, laputopu, nsapato.

AGOGO: Ndiye malo mulibe. Mbatatayi ikupita kwa yani?

MDZUKULU: Kwa mayi ake a mnzanga wina ku Chilomoni.

AGOGO: Mnzako wovala siketi. Apongozi amafuna mkamwini wamoyo. Mawa ukapope pa filling station pabomapo, uyende 80 osapitirira, ukafika ku Blantyre ugule tayala latsopano, akalibalanse, akamangenso khosi.

MDZUKULU: Nanga mbatata?

AGOGO: Mbatata ndiye matendawo, sitingakulole kuchoka nawo.

MDZUKULU: Agogo, kodi mwapima njinga kapena mwapima thumba?

AGOGO: Zonse ziwiri. Masula malegeniwo, agogo ako ateleka kale mafuta.