Maso Anga Alowa Chipani Chotsutsa

Mabatire a wailesi akweranso pamsika wa ku Furancungo, ndipo nkhaniyi, monga nkhani zonse zokhudza thumba la munthu wamba, palibe wailesi yomwe yalengeza. Anzanga akudandaula, koma ine ndikuti akwere ndithu, tigulabe. Popanda mabatire, mlimi wa fodya ngati ine, amene sukulu idamukana akadali ndi mano a mkaka, angadziwe bwanji kuti zinthu zikuyenda bwino m'dziko muno? Akhoza kumangodalira maso ake, ndipo apa mpamene pagona vuto. Anthu ophunzira a ku Maputo akhala akukangana za kukondera kwa atolankhani. Ena akuloza chala Rádio Moçambique, TVM ndi nyuzipepala ya Notícias kuti ntchito yawo n'kuombera boma m'manja. Ena akuloza Savana ndi Canal de Moçambique kuti amadzuka m'mawa n'cholinga chotukwana boma basi. Onsewa aphonya. Ine ndaganiza mozama, mmene ungaganizire mutu wa munthu wodikira malipiro a fodya, ndipo ndapeza kuti mtolankhani wokondera kwambiri m'dera lonse la Macanga ndi maso angawa. Alowa chipani chotsutsa osanditsanzika n'komwe.

Umboni ulipo wokwanira. M'nthawi ya a Armando Guebuza, amene adalamulira kuyambira 2005 mpaka 2015, kudabwera mfundo yakuti mwana wasukulu aliyense azibzala mtengo wake, ndipo mfumu iliyonse ikhale ndi nkhalango yake. Mfundo yabwino zedi. Chiyambire pamenepo, mvula ikangogwa makutu anga amamva kuti mbande zabzalidwa, akuluakulu agwira khasu, ana aimba, anthu aomba m'manja. Mukaphatikiza mitengo yonse yomwe yabzalidwa pa wailesi zaka zonsezi, bwenzi pano tikupita ku Tete titanyamula zikwanje zolambulira njira, mikango itabwerera kudzagona kuseri kwa msika. Koma maso, ndi mwano wawo, akayang'ana kuphiri amangoona zitsa. Akatembenukira kumsewu amaona matumba a makala atandanda kudikira galimoto. Makutu anga ndi nzika zokhulupirika, amalandira uthenga mwaulemu osafunsa kuti mbande zija adazithirira ndani mu Okutobala. Maso ndi amene akufalitsa mphekesera, ndipo akuzifalitsira m'mutu mwanga momwe, popanda mkonzi wowayang'anira.

Choipa n'chakuti maso angawa ali ndi anzawo kunja. Mu 2014 bungwe la ku London lotchedwa Environmental Investigation Agency lidatulutsa lipoti lonena kuti mu 2013, magawo 93 pa 100 aliwonse a mitengo ya matabwa yodulidwa mu Mozambique idadulidwa mosatsata malamulo, ndipo yambiri inkapita ku China. Tikadati amenewo ndi azungu ansanje, koma mu 2017 nthenda ya maso angayi idagwira boma lenilenilo. Unduna woona za malo ndi chilengedwe, womwe unkatsogoleredwa ndi a Celso Correia, udayambitsa Operação Tronco, n'kulowa m'mipanda yosungira zipika m'zigawo zapakati ndi kumpoto, kuphatikizapo Tete yathuyi, ndipo udagwira mitengo yokwana pafupifupi makyubiki mita 150,000. Kwa masabata angapo maso a boma adaona zomwe maso anga amaona, mpaka ndidayamba kuopa kuti boma lalowa chipani chotsutsa boma. Funso lomwe maso amafunsa ndi lachibwana: chipika cha mlombwa si singano yoti n'kubisa m'thumba la malaya, nanga chidadutsa bwanji m'malo onse achipikisheni, pomwe munthu wonyamula mbuzi panjinga amaimitsidwa n'kufunsidwa chikalata cha mbuziyo? Yankho ndi lakuti pamalo amenewo pamaima anthu a maso ophunzitsidwa bwino, maso odziwa mwambo, osati osalongosoka ngati angawa.

Nthendayi siikhalira m'maso mokha. Ku Moatize yatsikira m'mphuno. Kampani ya Vale idayamba kukumba malasha kumeneko mu 2011, mabanja ambiri atasamutsidwira ku Cateme, ndipo mu Januwale 2012 anthu osamutsidwawo adatseka njanji podandaula ndi nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka. Mu 2022 mgodiwo udagulidwa ndi kampani ya Vulcan. Pa wailesi malasha ndi chitukuko, ndipo n'zoona kuti amabweretsa ndalama ndi ntchito. Koma mphuno za anthu oyandikana ndi mgodi zikuumirira kuti zikupuma fumbi lakuda, zovala zoyanika pachingwe nazo zikuchitira umboni, moti ndikukayika ngati zovala zimenezo sizikulandira ndalama kuchokera kunja. Damu la Cahora Bassa nalo lili m'chigawo chathu chomwechi, ndipo lidabwerera m'manja mwa Mozambique mu 2007, koma gawo lalikulu la magetsi ake limagulitsidwa ku South Africa, pamene midzi yambiri ya ku Macanga ndi Tsangano dzuwa likalowa imadalira tochi. Apa maso sanganene kanthu, chifukwa mumdima ngakhale wotsutsa saona. N'kutheka kuti imeneyo ndiyo nzeru yake.

Ndiye titani nawo masowa? Njira zina zidayesedwa kale, koma zidaphonya mwini mlandu. Mu 2018 boma lidakhazikitsa lamulo lokweza kwambiri ndalama zomwe atolankhani ndi nyumba zoulutsa mawu amayenera kulipira kuti agwire ntchito, ndipo lamulolo lidachotsedwa mu 2020 anthu atalira nalo. Chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chitatha, intaneti ya m'mafoni inkazimazima, Facebook ndi WhatsApp zinkakanika kutseguka. Zonsezi n'kulimbana ndi mafoni osalakwa pamene maso akuyenda momasuka m'misewu. Ganizo langa n'lakuti munthu aliyense azidula chiphaso cha maso chaka ndi chaka. Wosauka ngati ine adule cha diso limodzi, linalo azitsinzina, makamaka podutsa pafupi ndi phiri. Wopezeka akuyang'ana zitsa ndi maso onse awiri wopanda chiphaso alipitsidwe mabatire anayi, kenako akhazikidwe pansi amvere nkhani za madzulo mpaka mitengo itamera m'mutu mwake.

Wina anena kuti, iwe mkulu, ukunamizira mbali imodzi, chifukwa enawo nawonso amakondera. Sindikana. Mafoni a achinyamata, omwe ankasonkhana usiku kumvera a Venâncio Mondlane, otsutsa boma, pa Facebook, ali ndi nkhani yawonso imodzi yokha, yakuti chilichonse choipa chabwera ndi chipani cholamula cha Frelimo, kaya ndi mbozi za m'chimanga, kaya ndi matayala akuphwa. Ife a m'malire timamvanso wailesi za ku Malawi, ndipo tikudziwa kuti wailesi ya boma ya MBC imakonda wolamula aliyense ndi mtima wonse kufikira tsiku lomwe wagwa pachisankho, m'mawa mwake chikondi n'kusamukira kwa wina. Koma kusiyana kulipo, ndipo apa ndisiye kaye nthabwala. Nyuzipepala ya munthu ikakondera, ndimangoleka kugula. Wailesi ya boma imayendera msonkho wa tonse, wovotera Frelimo, wovotera Renamo, ndi amene adakhala kunyumba tsiku lovota. Kusiyana kwina ndi malipiro omwe mbali ziwirizi zimalandira. A Carlos Cardoso adawomberedwa ku Maputo pa 22 Novembala 2000 akufufuza za ndalama zobedwa kubanki. A Amade Abubacar, a wailesi ya m'dera ku Macomia, adamangidwa mu Januwale 2019 n'kusungidwa miyezi ingapo. A Ibraimo Mbaruco, a wailesi ya m'dera ku Palma, adasowa mu Epulo 2020. Mu Ogasiti chaka chomwecho ofesi ya Canal de Moçambique idatenthedwa. Ndipatseni dzina la mtolankhani mmodzi amene adaona zoterezi chifukwa choyamikira boma mopyola muyeso. Pamene kufunsa kumalipidwa motero, kukhala chete kwa atolankhani enawo sikufuna kufotokozera.

Winanso anena kuti, nanga zitsa ukuziwerengazo adadula ndani, si iwe wemwe ndi abale ako? Apa maso anga amayamba kuyabwa. Chigafa cha fodya chimafuna mitengo ndi mphanda, ndipo sizigwa kumwamba. Munda watsopano umatsegulidwa ndi nkhwangwa. Nsima imaphikidwa ndi nkhuni, ndalama ya sopo imachokera m'ng'anjo ya makala, ndipo alimi a kachewere ndi kabichi ku Tsangano amalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Pa nkhani ya nkhwangwa yanga, maso otsutsa aja amasanduka wailesi ya boma: amalengeza kuti zonse zili bwino ndipo kamtengo kamodzi sikangathetse nkhalango. Ndiye chifukwa chake mtolankhani womasuka ndi wofunika kwa ine ndemwe, kuti andiuze zomwe sindifuna kumva. Koma ayenera kuloledwa kufunsa onse mofanana. Nkhwangwa yanga imadziwika, njinga yanga alonda a nkhalango amaizindikira ili patali, pamene mwini galimoto ya zipika, ndi amene adamusainira chikalata, mayina awo samveka pena paliponse. Phiri likayera, madzi a mvula amathamanga osaima. Mu Januwale 2022, namondwe Ana atadutsa, mtsinje wa Revuboè, womwe madzi ake amatsika kuchokera kumtunda kwathu kuno, udagumula mlatho wolumikiza Tete ndi Moatize. Madziwo sadafunse munthu aliyense khadi la chipani.

Pali ena amene amati nkhani zoipa zimaopseza obweretsa ndalama ndiponso zimasokoneza mtendere. Mtendere ife timaudziwa kufunika kwake kuposa amene amatiphunzitsa. Nkhondo yomwe idatha mu 1992 idathamangitsira anthu a kuno ku Dedza, Ntcheu ndi madera ena a Malawi, ndipo palibe akuifunanso. Koma kuwerenga zitsa si nkhondo, ndipo wobweretsa ndalama amene amathawa akafunsidwa za fumbi, kuthawa kwake n'kothandiza. Chosokoneza mtendere ndi pamene munthu amva china m'makutu, aona china m'maso, n'kufika poleka kukhulupirira aliyense. Munthu wotereyo ndi amene amameza bodza lililonse lobwera pafoni, ndipo tsiku lomwe wailesi idzanene zoona kuti mtsinje ukusefukira, iye adzati ndi ndale.

Choncho, abale anga, mabatire tigulabe, pakuti wailesi imatiuza za maliro, za katemera ndi za mvula m'chinenero chathu, ndipo pa zimenezo imagwira ntchito yotamandika. Koma dziko lino lili ndi lamulo la mu 2014 lopatsa nzika ufulu wopempha chidziwitso ku maofesi a boma, ndipo silinena kuti wopemphayo akhale wovala tayi. Tiyeni tikafunse kuofesi za dera lathu kuti zikalata zodulira mitengo zaperekedwa zingati ndiponso kwa yani. Tipemphe wailesi za m'madera kuti tsiku lobzala mbande likatha, zidzabwererenso pamalo omwewo chaka chamawa kukawerenga zomwe zaphuka, n'kulengeza nambalayo kaya ndi yochititsa manyazi. Chiwerengero cha pa wailesi chikadzafanana ndi cha kuphiri, maso anga ndidzawatulutsa ndekha m'chipani chotsutsa. Kufikira tsiku limenelo, inu amene simunadule chiphaso, yang'anani ndi onse awiri.