Kalumo ka Mlendo Kafika pa Mwanza

Makolo athu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ankanena za masiku amene mlendo ankatulukira pamudzi mwa apo ndi apo, fumbi lili mbuu kumapazi, n'kumasula ndi mawu awiri mlandu umene wagonetsa eni mudzi pabwalo. Makolowo akanakhalako pa Mwanza tsiku limodzi lokha n'kuona mathiraki atandanda mumsewu kudikira geti, mwambiwu akanauika mchira. Kuno alendo sabwera ndi kalumo kamodzi. Amabwera ndi makontena.

Njira yake ngakhale mwana wogulitsa mandasi pamalire amaidziwa. Katundu amanyamuka ku Durban kapena ku Johannesburg, kuwoloka Limpopo pa Beitbridge, kudula Zimbabwe mpaka pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kukwera chitunda cha ku Zóbuè, kenako ndi uyu pa Mwanza, m'manja mwa a MRA ndi a bungwe loona za miyezo la MBS. Akamasulidwa, liwiro la ku Zalewa, ena kukhotera ku Blantyre, ena ku Lilongwe. Pakati pa mathirakiwo pamadutsa mabasi a abale athu a ku Joni, zikwama zamizeremizere zili tho, ndipo m'zikwama zimenezi ndi mmene mwayamba kutuluka kalumo katsopano: mkaka umene sunaonepo ng'ombe.

Umabwera m'katoni yosalala, pamwamba atajambulapo mtedza wa almond ukudumphira m'dziwe loyera. Wina ndi wa oats, wina wa mpunga, wina wa kokonati. Mphwanu akafika nawo sauika pansi wamba. Amayamba wapukuta patebulo.

"Malume, mkaka wa masiku ano ndi uwu. Wa ng'ombe uja anzathu kunjaku akuusiya."

"Akuusiya kale? Ife tisanauyambe n'komwe?"

Funso la amalume si lachibwana. M'makomo ambiri kuno tiyi wamkaka amaoneka pa Khirisimasi, pachinkhoswe, ndiponso tsiku limene kwabwera apongozi. Kumuuza munthu wotere kuti asiye mkaka wa ng'ombe n'kumuletsa chinthu chimene thumba lake linamuletsa kalekale.

Komabe tisamunyoze mlendo tisanamve zimene wadzera, pakuti mbali imodzi kalumo kake n'kakuthwadi. Mumkaka wa ng'ombe muli shuga wotchedwa lactose. Khanda limamugaya bwinobwino, koma anthu ambiri akamakula thupi limachepetsa mphamvu yomugayira, ndipo akuluakulu pafupifupi awiri mwa atatu alionse padziko lapansi ali m'gulu limeneli. Ambiri a ife tilimo. Munthu amamwa kapu ya mkaka pasiteji ya Mwanza, n'kukwera minibasi. Pofika pa Zalewa mimba yayamba kubangula, iye nkhope ili gwaa kuyang'ana pawindo, kuchita ngati phokosolo likuchokera ku injini. Kwa zaka zambiri mlandu umenewu unkagwera alamu amene anaphika dzulo, kapena agogo ena a kuseri kwa dambo. Mlendo watithandiza kugwira wolakwa weniweni. Kungoti makolo anali atapeza kale njira yawo: mkaka ukasasa n'kukhala chambiko, gawo lina la shuga uja limatha, ndipo mimba zambiri zimaulandira mwamtendere.

Tsopano tembenuzani katoni ija, muwerenge timalemba ta kumbuyo, tija amatilemba mochepa ngati akuchita nato manyazi. Zimene zili m'katimo amazilemba kuyambira chochuluka kutsikira ku chochepa, ndipo choyamba ndi madzi. M'makatoni ambiri mtedza wa almond umangokwana magawo awiri kapena atatu pa 100 alionse. Kapu ya mkaka wa ng'ombe imakhala ndi magalamu 8 a zomanga thupi, ya soya pafupifupi 7, ya almond galamu imodzi yokha. Kashiamu wolimbitsa mafupa amachita kuthiramo kufakitale, ndipo amakonda kudikha pansi, n'chifukwa chake amati muyambe mwakhutchumula. Mwina muli shuga, mwina mulibe; katoni imanena, koma monong'ona.

Ndiye taganizani ulendo umene ayenda madzi amenewa. Awoloka Limpopo, awoloka Zambezi, agona pamzere, adindidwa zidindo m'maiko anayi, kuti adzafike m'dziko la Nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire. Timtedza take n'kutheka tinachokera ku California, kumene kumalimidwa pafupifupi magawo 80 pa 100 a almond yense wapadziko. Zonsezi wolipira ndi inu. Apa m'pamene mumazindikira kuti makolo sanamalize mwambi wawo: anatiuza kuti kalumo n'kakuthwa, koma sanatiuze kuti kadzameta ndani. Kamayambira m'thumba, ndipo sikathira n'komwe sopo.

Chopweteka mutu n'chakuti pageti lomwelo, mbali yotulukira, pamadutsa mathiraki ena atasenza soya ndi mtedza wa alimi athu. Madalaivala amapatsana moni, wina akutulutsa chakudya, wina akulowetsa madzi.

Chonsecho nzeru yofinya mbewu n'kupeza chakumwa si yachilendo kwathu kuno. Mayi wothira nsinjiro m'phala la ana sanadikire katoni. Likuni Phala, ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya umene dzina lake linachokera ku Likuni ku Lilongwe, walera ana osawerengeka. Thobwa wa chimera cha mawere wakhala akutsitsa mbatata kukhosi kuyambira kale, ndipo malambe a kuchigwa cha Lisungwi akaviikidwa amatulutsa chakumwa chokhathamira chodzaza vitamini C. Mkaka wa soya nawo sufuna pasipoti. Viikani soya usiku wonse, m'mawa mumufikise m'manja makoko ayandame, musinje mumtondo mpaka asalale, muthire madzi, mufinye pansalu yoyera. Kenako wiritsani mokwanira, mphindi 20 mukutakasa, pakuti soya wosapsa amasokoneza m'mimba ndiponso amanunkha chiwisi. Khalani pompo, chifukwa mukangotembenuka kukayankha foni thovu lonse lili pamoto. Zotsalira pansalu zija musatayire nkhuku. Zimalowa bwino m'chikondamoyo.

Koma tisadzitame msanga, nafenso tili ndi tizilumo tathu tobuntha. Mtedza wosauma bwino, kapena uja timauwaza madzi kuti usavute kuswa, umachita chuku, ndipo chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi. Kukazinga kapena kuwiritsa sikumuthetsa. Nanga timatani? Mtedza wonona, wosankhidwa bwino, timapita nawo kwa vendala. Wofota, wakuda, wowawa uja ndi umene timasinja nsinjiro za ana athu. Mlendo adye wabwino, mwini munda adye chuku.

Palinso ufa woyera uja wa m'timapaketi, umene m'matiyirumu amathira supuni imodzi tiyi n'kuyera kuti mbee. Wambiri mwa ufa umenewu ndi shuga wa m'fakitale wosakaniza ndi mafuta a kanjedza. Ndiye kuti amalume akhala akumwa mkaka wa zomera kwa zaka zambiri osadziwa, pamtengo wotsika, popanda wowapukutira patebulo. Mu tiyi wa munthu wamkulu palibe mlandu. Koma pa khanda nthabwala zimathera pomwepa: ufa umenewu, mkaka wa almond, wa mpunga, ngakhale wa soya wa mumtondo, palibe cholowa m'malo mwa bere. Miyezi 6 yoyambirira mwana ayamwe mwakathithi, monga amanenera kusikelo, ndipo pakakhala vuto mayi akafunse kuchipatala, osati kwa mphwake wa ku Joni.

Chodabwitsa n'chakuti anthu a pa Mwanza luso losankha chakudya ali nalo kale. Taonani munthu akugula manachesi m'mbali mwa msewu nyengo yozizira. Amanyamula limodzi, kuliyeza kulemera m'dzanja, kulitsina pang'ono, kulinunkhiza. "Mayi, si owawasa amenewa? Ndilaweko kaye." Mayi amasenda limodzi, iye n'kulawa, n'kukwinya nkhope mwadala kuti mtengo utsike. Munthu yemweyo mupatseni katoni yolembedwa Chingerezi, nzeru zonse zija zimapita kutchuthi, amangoti, "Zakunja izi, sizinama."

Katoni silola kulawa, n'chifukwa chake inalembedwa kumbuyo. Popita kusitolo tengani magalasi anu, muyang'ane tsiku lothera ntchito, muone chimene chili poyamba pamndandanda, shuga ndi wochuluka bwanji, zomanga thupi ndi magalamu angati. Mukaiwala magalasiwo kunyumba, musadzadandaule kuti mwana sakunenepa: mwakhala mukumumwetsa chithunzi.