Ulemerero wa Wailesi ya Makomo Awiri

Wailesi ya kaseti ya makomo awiri ndi makina amene amaimba nyimbo kukhomo lina n'kumazijambula kukhomo linalo nthawi yomweyo. Chakudya chake, kaseti, chinatuluka m'chaka cha 1963 ku kampani ya Philips, ndipo amene ankatsogolera ntchitoyo ndi katswiri wa ku Netherlands, Lou Ottens. Tepi ya m'kasetimo ndi mamilimita 3.81 mulifupi mwake, ndipo imayenda masentimita 4.76 pa sekondi, kuyenda kwa munthu wamkulu amene sathamangira nsima.

Makomo awiriwa salingana udindo. Pa mawailesi ambiri khomo A limangoimba, pamene khomo B limaimba komanso kujambula. Ubale wawo uli ngati wa mlaliki ndi womasulira wake: wina amalankhula, mnzake amabwereza, ndipo monga womasulira aliyense wodzilemekeza, khomo B limawonjezerapo zake. Kaseti yokopedwa imatuluka ndi kaphokoso koti siii, ndipo ikakopedwanso kaphokosoko kamakula. Pofika pa mdzukulu wa kaseti yoyamba, woimba amamveka ngati akuimbira pansi pa denga lamalata mvula ili mkati. Imeneyi ndi mphatso yaulere, palibe amene amalipiritsidwa.

Pokopa, kaseti yanyimbo imalowa ku A, yopanda kanthu ku B. Choyamba tepi ya ku B imapititsidwa patsogolo pang'ono kuti kachigawo koyera ka kumayambiriro kadutse, chifukwa kameneka sikasunga mawu. Kenako amadina batani lojambulira pamodzi ndi loimitsira, n'kumasula pamene A wayamba kuimba. Wosokoneza makomo amaphunzira msanga kuti makinawa sakondera: amafufuta kaseti yaukwati wa eni nyumba ndi mtima wofatsa womwewo umene amafufutira ina iliyonse. N'chifukwa chake pamwamba pa kaseti pali timapulasitiki tiwiri tothyola. Tikathyoledwa, batani lojambulira limakana kulowa. Koma lamuloli ndi lachifundo, pakuti kachidutswa ka selotepi, ngakhale kapepala kofinyidwa m'bowomo, kamalithetsa.

Kwa osaleza mtima kuli batani lokopera mothamanga, limene limayendetsa matepi onse awiri pafupifupi kawiri liwiro lake. Oimba amalira ngati tiana ta mbewa, ntchito imatha msanga, ndipo mawu ang'onoang'ono okwera amatsala m'njira. Kaseti ya C60 imatenga mphindi 30 mbali iliyonse, C90 mphindi 45. C120 imatenga ola lathunthu mbali iliyonse, koma tepi yake ndi yopyapyala kwambiri, ndipo makinawa amaiona ngati ndiwo ya pa Khirisimasi.

Mtima wogawana nyimbo pozikopa unafika mpaka kukhoti. M'chaka cha 1988, oweruza a House of Lords ku Britain anagamula kuti kampani ya Amstrad sinalakwe pogulitsa mawailesi a makomo awiri, ngakhale ogula ankakopera nyimbo za eni. Ku Malawi, bungwe la COSOMA, limene linayamba ntchito mu 1992, linkamata tizizindikiro pa makaseti ovomerezeka pofuna kuteteza thukuta la oimba. Wailesiyo sinaphunzire kuwerenga, choncho tizizindikiroto sitinaidetse nkhawa.

Kasamalidwe kake kagona pa ziwalo zitatu zimene zimaoneka khomo likatsegulidwa: mutu wachitsulo umene umawerenga tepi, kamtengo kachitsulo kozungulira, ndi kagudumu karabala kamene kamapanikiza tepi pa kamtengoko. Tepi ikamadutsa imasiya fumbi lofiirira, ndipo mutu ukada mawu amamveka ngati akuchokera m'mtsuko. Mankhwala ake ndi kathonje konyowetsedwa ndi sipiriti, kupukuta pang'onopang'ono mpaka thonje lituluke loyera, kenako kudikira kuti paume. Kagudumu karabala sikafuna sipiriti wambiri chifukwa amakaumitsa n'kukang'ambula. Ngati mawu akadali obisika, ndiye kuti mutu wapendekeka, ndipo pambali pake pali kabawuti kakang'ono kowongolera, kamene kamapotozedwa pang'ono kaseti yabwino ikuimba. Kabawuti kameneka kasandutsa amalume ambiri kukhala amisiri, ndipo amisiri enieni apezapo ndalama pokonza zimene amalumewo anakonza.

Ulemu waukulu wa makinawa uli pa kudya tepi. Sachita mwaphuma. Woimba amayamba wanjenjemera mawu, kenako amameza lilime, ndipo pofika poti munthu adumphe kukadina batani, mikono ingapo ya tepi yakulungidwa kale pa kamtengo kaja. Chimachititsa n'chakuti kagudumu karabala kada n'kuyamba kumata, kapena kampukutu kolandira tepi kaleka kuzungulira pamene kamtengo kakukokabe. Wodziwa samakoka mwaukali. Amatulutsa kaseti mwaulemu, amamasula tepiyo ndi chala kapena kamtengo ka machesi, kenako amalowetsa bolopeni ya Bic pabowo la kaseti n'kumazunguliza mpaka matumbo onse abwerere m'mimba. Ngodya zisanu ndi imodzi za bolopeniyo zimagwira mano a bowolo ngati zinapangidwira ntchito yomweyo. Pamene tepi yakwinyika pamakhala chipsera mpaka kale, ndipo banja lonse limaloweza malo amene woimba adzatsamwe. Ikaduka, nsonga ziwirizo zimalumikizidwa ndi selotepi kumsana kwake, ndipo mawu awiri kapena atatu a nyimboyo amapita ngati msonkho.

Liwiro nalo lili ndi nkhani yake. Mabatire akafooka, mtsikana wa mawu okwera amasanduka gogo wamwamuna wochokera kumowa, ndipo nyimbo yovinira imakhala yapamaliro popanda kugula kaseti ina. Kuyanika mabatire padzuwa kumangowabwezera mphamvu ya kanthawi kochepa. Ngati magetsi ali bwino koma mawu akugwedezeka, kapena injini ikumveka kulira pamene tepi yangoima, vuto ndi malamba arabala a m'kati. Malambawa amatanuka ndi ukalamba, ndipo m'makina amene akhala zaka zambiri osagwira ntchito amasungunuka n'kukhala phula lakuda lomata zala. Phulalo limachotsedwa ndi sipiriti, ndipo lamba watsopano ayenera kukhala wa muyeso womwewo. Malamba a makomo onse awiri amasinthidwa tsiku limodzi, chifukwa khomo lina likamathamanga kuposa linzake, kaseti yokopedwa imatuluka ndi woimba wa mawu achilendo amene ngakhale mayi ake sangamuzindikire.