Dzina Lotsata Mwiniwake

Luso lomata mawu pa munthu amene akuyenda mu vidiyo, lotchedwa motion tracking, limapezeka ngakhale m'mapulogalamu a pafoni monga CapCut, kotero kuti mnyamata wojambula maukwati kwa Kasakula, m'boma la Ntchisi, angathe kuliphunzira foni yake isanathe moto. Pulogalamuyo imagwira kadontho kooneka bwino, monga duwa la pa jekete, n'kumakalondola pachithunzi chilichonse mwa zithunzi 25 kapena 30 zimene zimapanga sekondi imodzi, ndipo dzina limayenda nako kulikonse.

Amene anakonza lusoli zikuoneka kuti sanafikepo pa perekaniperekani, pamene amayi a kuchikazi onse amavala chitenje chimodzi, fumbi lili koboo, wojambula nayenso akuvina. Kadontho kakabisika kuseri kwa lichero la ndalama, pulogalamu sidikira: imagwira china chofanana nako, ndipo mawu akuti "Mkwatibwi" amasamukira pamutu pa azakhali ake, amene amayenda nawo monyadira mpaka nyimbo itatha. Kukonza kwake n'kubweza kadonthoko pamanja, chithunzi ndi chithunzi, ankhoswe asanaione vidiyoyo n'kuitanitsa bwalo.