Ulendo Wanga Wothera mu Levitiko

Kwa Mkhristu waulesi ngati ine palibe malo ovuta kukhalako kuposa kuno kwa Nselema, pakuti pamene ife tikali kulimbana ndi bulangete, kunja kusanayere n'komwe, mawu oitanira anthu ku mapemphero amakhala atamveka kale kuchokera ku mzikiti, ndipo abale athu Achisilamu, amene ndiwo ochuluka m'dera lino la Machinga, amadutsa kuseri kwa nyumba yanga mwakachetechete, osadziwa kuti mapazi awo akundilalikira ulaliki wolasa mtima kuposa wa abusa. Chifukwa cha manyazi amenewa, mwezi wa Januwale ukangolowa ndimadziikira malamulo amene ngakhale Mose sanatsike nawo m'phiri la Sinai: kudzuka mbandakucha, kusala kudya, kusakalipira ana, ndi kumaliza Buku Lopatulika lonse chaka chisanathe.

Buku limeneli lili ndi mabuku 66 ndi mitu 1,189, ndipo aliyense wodziwa masamu adzakuuzani kuti mitu itatu kapena inayi pa tsiku ndi yokwanira. Genesis amayenda bwino ndithu, popeza muli milandu ya m'banja yonga imene timamva pabwalo la anyakwawa: Yakobo kunyenga mkulu wake, Labani kunyenga Yakobo, abale kugulitsa Yosefe. Mu Eksodo ndimawoloka nyanja ndili chilili. Koma ndikangofika mu Levitiko, kumene kuli nkhani ya mafuta a nsembe, impso za nkhosa ndi kapimidwe ka nthenda yakhate, zikope zanga zimalemera mwadzidzidzi, ndipo kapepala kanga kosungira tsamba kamamanga msasa m'chipululu chimenecho kufikira Disembala. Chaka chatsopano chikafika, chikumbumtima chimandiuza kuti munthu wolephera alibe ufulu wopitirira pamene analekera, choncho ndimabwerera pa mutu woyamba. Dziko ndaliona likulengedwa kambirimbiri, koma m'Kanani sindinapondemo.

Za kusala kudya ndiye musanene. M'mwezi wa Malichi 2025, pamene Ramadani ndi Lenti zinayamba motsatana m'masiku omwewo, ndinalengeza pamaso pa mayi a kunyumba ndi ana kuti nane sindidzalawa kanthu kufikira dzuwa litalowa, kuti anansi athu adziwe kuti ife a CCAP sitili chabe anthu a nyimbo. Koma Malichi ndiyo nyengo ya mondokwa, ndipo Satana, amene amadziwa bwino kalendala ya mlimi, anaika mnyamata wootcha chimanga m'mbali mwa msewu wa Bakili Muluzi, pamalo penipeni pamene ndimayenera kudutsa. Dzuwa lili paliwombo, mnansi wanga wa Chisilamu, milomo yake itauma gwa, anandipeza kuseri kwa golosale chitsononkho chili m'manja. Iye, pokhala munthu waulemu, anati, "Achimwene, kwathu munthu akadya moiwala amangopitiriza kusala, palibe mlandu." Ndinamuthokoza kwambiri, koma vuto linali lakuti ine sindinaiwale, ndinachita kunenerera mtengo.

Tsono apa ndi pamene pali uchitsiru wanga weniweni, woposa wa chimanga chija. Munthu wotere akagwa amatsegula bwalo la milandu mumtima mwake, momwe iye yemweyo ndiye wodandaula, mboni, woweruza ndiponso msilikali wa ndende, ndipo chilango chimene amapereka sichigwera iye yekha. Ndinayamba kukhala pa benchi la kumbuyo m'tchalitchi, kenaka kujomba Mgonero wa Ambuye podziyesa wosayenera, kenaka kuyenda ndi nkhope ya pamaliro pakhomo panga, kufikira tsiku lina mayi a kunyumba anati, "Bambo, chimanga munadya nokha, nanga ife tikusaliranji mtendere?"

Anali iwowo, ndikukhulupirira, amene anakanong'oneza mkulu wa mpingo wa m'dera lathu, nkhalamba yoyenda pa njinga yopanda mabuleki koma yodziwa Malembo ngati njira ya kumunda. Atakhala pa khonde ndi kumva mlandu wanga wonse, anandifunsa kuti mpando woweruzirawo anandipatsa ndani, popeza mwini wake sanautule. Anandikumbutsa za Petro, amene anakana Mbuye wake katatu usiku umodzi, koma m'malo momudula mu mpingo anamukonzera nsomba pamakala m'mbali mwa nyanja, namupatsanso nkhosa kuti aziwete. Anatchulanso Eliya, mneneri wotsitsa moto kumwamba, amene atatopa anagona pansi pa kamtengo napempha imfa, ndipo mngelo, m'malo momulalikira, anamupatsa mkate ndi madzi, namulola agonenso. Amene anadziweruza yekha mpaka mapeto, anatero mkuluyo, ndi Yudasi, ndipo palibe kholo limene limatcha mwana wake dzina limenelo.

Pambuyo pake ndinaphunzira kuti nthenda yanga ndi yakale ndiponso ya anthu omveka. Martin Luther, asanagwedeze dziko ku Wittenberg mu 1517, ankatopetsa mtsogoleri wake wauzimu Johann von Staupitz ndi kuulula timachimo tating'onoting'ono kwa maola ambiri, kufikira pamene anapeza m'kalata ya Paulo kwa Aroma kuti chilungamo ndi mphatso yolandira, osati malipiro a ganyu. Ngakhale Buku Lopatulika limene limandigonetsali, William Murray ndi anzake, azungu ndi anthu akuda omwe, analimbana nalo zaka zoposa 20 lisanatuluke mu 1922. Ndipo ine, amene ndimawerenga nyuzi kuyambira tsamba la mpira, ndinkafuna kulimeza m'miyezi 12 popanda kutsamwa. Akuluakulu sananame ponena kuti kuthamanga si kufika.

Ndaona tsopano kuti kudzilanga kotere, ngakhale kumavala nkhope ya kudzichepetsa, n'kunyada ndithu, pakuti munthu amene Mulungu wamukhululukira koma iye n'kukana kudzikhululukira, akunena kuti bwalo lake ndi lalikulu kuposa la kumwamba. Alipo adzandinena kuti ndikutsegulira alesi khomo, ndipo nkhawa yawo si yachabe, popeza Paulo yemweyo anakanitsitsa kuti chisomo chisasanduke chiphaso chochimwira. Koma ine sindinaonepo munthu amene manyazi anamuyeretsa. Amene ndawaona ndi aja amathawa mpingo chifukwa cha botolo limodzi, n'kukamaliza kireti yonse poganiza kuti wavunda wavunda basi.

Chaka chino sindinabwerere ku Genesis. Mkulu uja anandilangiza kuyamba ndi Marko, amene ali ndi mitu 16 yokha ndipo amayenda mofulumira, ndipo masiku amene ndajomba ndimangopitirira pamene ndinalekera, osaitana mboni. Kwa inu awerengi amene timakumana pa benchi la kumbuyo lija, amene mumalowa nyimbo yoyamba itayamba ndi kutuluka mdalitso usanathe, ndikupempha kuti Lamulungu likudzali tisunthireko kutsogolo mizere iwiri yokha, pakuti kumbuyoko tadzazana, ndipo amayi a ana aang'ono akusowa pokhala.